Mmene Ndinaikira Mkulu Wanga Mabvuto

Ndikupatsani moni nonse, makolo amene mukulera ana a eni, ndi inu anzanga amene mwakhala kumbuyoko pafupi ndi khomo. Ndikudziwa chifukwa chake mwasankha mipando imeneyo. Inenso ndinkakhala pomwepo, kuti zikandikwana ndituluke wina asanandione. Dzina langa ndine Given, ndimakonza njinga ku Mpanshya. Ba Zulu, anesi amene atisonkhanitsa muno, andipempha kuti ndilankhule zolimbikitsa, koma ndawauza kale kuti zolimbikitsa ndilibe zambiri. Ndili ndi zimene zinandichitikira basi, ndipo ndizinena mmene zinalili.

Mayi anga ondibereka anamwalira m'chipatala cha mishoni ndisanayambe sukulu. Tinachokera ku Shikabeta, iwo akudwala, ine ndikugona pansi pa bedi lawo. Atamwalira palibe anabwera kudzanditenga. Mayi wina amene ankachapa zofunda za odwala, ba Esnart Tembo, ananditengera kwawo kuti ndikagoneko masiku ochepa abale anga akufunidwa. Masiku ochepawo anasanduka ubwana wanga wonse. Pakhomopo ndinapeza mnyamata wina, Mabvuto, wamkulu pang'ono kwa ine, amenenso analibe kolowera. Iyeyo za abale ake sizinadziwike n'komwe. Tonse awiri tinkawaitana ba Esnart kuti amama, ndipo bungwe lina la tchalitchi linkawathandiza ndi ufa, sopo ndi zovala zathu za kusukulu.

Musaganize kuti tinazunzika pakhomo paja. Tinkadya, tinkapita kusukulu, tinkalima chimanga kuseri kwa nyumba, tikalakwa tinkalandira mkwapulo ngati ana ena onse. Mabvuto ndiye ankandikweza pa njinga popita kuchigayo, ndipo mnyamata wina atanditcha mwana wotola m'chipatala, anamenyana naye mpaka iye mwini kung'ambika pamwamba pa diso. Chimene sitinachimvetse n'chakuti thandizo lija linali ndi pothera. Zoti mwana akakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu bungwe limasiya tinkazimva ndithu, koma tinkazimva ngati nkhani ya anthu ena. Amama nawonso sankakonda kuzitchula. Tikawafunsa ankangoti Mulungu adzaona, n'kutituma kukatunga madzi.

Woyamba kufika pa msinkhuwo anali Mabvuto. Amama anamuuza kuti palibe akumuthamangitsa, koma iye anaona yekha kuti ufa wayamba kutha mwezi usanathe, ndiye anakapeza ntchito ya ukondakita pa minibasi yoyenda mumsewu waukulu, kuchokera ku Lusaka mpaka ku mlatho wa Luangwa. Loweruka lililonse ankafika kunyumba atanyamula buledi ndi shuga, n'kukhala pakhonde akuyerekeza mmene apaulendo amakanganira ndi dalaivala, amama akuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Ine poona zimenezo ndinkati kukula si nkhani yovuta. Umangochoka Lolemba, Loweruka n'kubwerera kwanu.

Nthawi yanga inafika m'chaka choipa. Mayeso omaliza sindinakhoze bwino. Amama anapuma pa ntchito, kenako matenda a kuthamanga kwa magazi anawagwetsa, mwendo ndi mkono wa mbali imodzi n'kufooka. Nyumba imene tinkakhala inali ya ntchito, inayenera kupita kwa wina. Mwana wawo wobereka, ba Naomi, anabwera kuchokera ku Petauke kudzawatenga. Sanali munthu woipa. Anatiuza poyera kuti nyumba yawo ndi yaing'ono, ana ndi ambiri, sangakwanitse kuwonjezerapo amuna awiri a ndevu. A bungwe lija anali atapeza amalume anga ku Shikabeta, ndipo aliyense anasangalala ngati nkhani yanga yatha. Anandipatsa matiresi, khasu ndi poto, n'kundipempherera. Amama akukwezedwa m'galimoto ankalira ndi mbali imodzi ya nkhope, ndipo mawu amene anatha kutuluka anali akuti tiziyenderana.

Amalume anandilandira mmene akanathera. Anandipatsa kanyumba ka udzu ndi kamunda m'mphepete mwa thengo. Koma pamudzi paja ankalankhula Chisoli, pamene ine Chisoli changa chinathera m'chipatala muja. Akaseka sindinkadziwa ngati akuseka ine kapena mbuzi. Ana a amalume ankanditcha wa ku mishoni, ndipo ankandiyang'ana ngati munthu wobwera kudzalanda malo. Ndikafunsa za mayi anga ankangoti anali munthu wamakani, nkhani n'kuthera pomwepo. Palibe anandimenya, palibe anandimana chakudya. Kungoti pamudzi ponse panalibe munthu wodziwa kuti dzulo ndinali ndani. Ndinayamba kukhala chete. Kenako tulo tinathawa, chakudya chinasiya kukoma, ndipo m'mawa ndinkadzuka ngati wina wandisanjika mwala pachifuwa.

Mvula isanathe ndinasiya munda uja udzu utaumeza, n'kutsata anyamata otentha malasha. Matumba a malashawo tinkawakankha pa njinga mpaka kumsewu, ndipo kumsewu ndi kumene ndinakumana ndi kachasu. Tambula yoyamba inandipatsa tulo, chinthu chimene ndinali nditachisowa miyezi yambiri, ndiye musadabwe kuti ndinabwereranso. Matiresi ndinagulitsa, poto ndinagulitsa, khasu ndinasinthanitsa ndi botolo. Kuchoka pa malasha ndinapita kumapiri kumene anthu amakumba golide mobisa, chifukwa kumeneko munthu safunsidwa kwawo. Umalowa m'dzenje m'mawa, ukatuluka umamwa zimene wapeza. Dzenje lina linagumukira mnzathu ine ndili pafupi, ndipo sindinamve kanthu, ngakhale mantha. Ndinagonapo m'selo chifukwa cha ndewu imene mpaka lero sindikuikumbuka. Foni inapita, nambala ya ba Naomi inapita nayo limodzi. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti ndine katundu amene anthu amangopatsirana, ndipo tsiku lililonse ndinkakhumudwa kuti ndadzukanso.

Munthu mmodzi yekha amene ndinkamuonabe anali Mabvuto. Ndikatsikira kumsika wa pa Rufunsa ndinkadikira minibasi yawo, iye akandiona ankalumpha isanaime, n'kundikokera kwa azimayi ootcha chimanga. Ankandigulira, n'kumandinyoza uku akuseka.

"Mufana, wanunkha," ankatero. "Amama akakuona so, mwendo winawo uzafookanso. Samba, iwe."

Iye ankaoneka bwino kwambiri, malaya oyera, nthabwala zosatha, apaulendo onse akumudziwa dzina. Nditamufunsa kumene amapita Loweruka masiku ano, anati amagona m'minibasi momwemo, amailondera, nyumba yake ili ndi matayala. Anandiuzanso kuti Loweruka lina anaiwala, anagula buledi n'kuyenda mpaka kunyumba yathu yakale. Anapeza pa chingwe payanikidwa zovala za anthu ena. Buledi uja anapatsa ana amene ankasewera pabwalo, n'kubwerera kumsewu. Anainena ngati nthabwala, ndipo tonse awiri tinaseka.

Tsiku lina m'mawa, dzuwa litangokwera, ndinamva munthu akufunsa dzina langa pakati pa maenje. Anali ba Lungu, dalaivala wa minibasi ija, atavala nsapato za m'tauni zodzaza matope. Anandiitanira pambali, n'kuvula chipewa. Anandiuza kuti Mabvuto wadzichotsera moyo. Anamupeza m'mawa wa dzulo lake, anathamangira naye kuchipatala cha mishoni, koma sizinathandize. Thupi linali ku mochale, ndipo kumeneko ankafuna wachibale. Ba Lungu anati anafunsa makondakita onse, ndipo onse ankangodziwa chinthu chimodzi, choti malemuyo ankakonda kunena za mng'ono wake, Given, amene ali kumigodi.

Sindinalire. Ndinapempha kuti ndiyambe ndamwa kaye, iwo anakana, n'kundigwira pamkono mpaka kumsewu.

Ku mochale tinapeza bambo wachikulire amene amayang'anira kumeneko. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, dothi la m'dzenje lili thupi lonse, n'kufunsa ngati ndine wachibale. Ndinayamba kufotokoza kuti sitinabadwe mimba imodzi, kuti tinangoleredwa pamodzi, kuti mwina afunse a bungwe kapena a tchalitchi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa ngati pali wina woposa ine. Ndinaganiza, ndinaganiza, ndipo panalibe. Amama anali kutali, osatha kuyenda. Bamboyo anati ndiye kuti ndi ineyo. Funso lachiwiri linali loti thupi tikaliika kumudzi uti. Mabvuto analibe mudzi, analibe manda a makolo ake, analibe ngakhale mtengo umene munthu akanauloza n'kunena kuti apa ndiye kwawo. Ba Lungu ndi amene anapita kukalankhula ndi akuluakulu a tchalitchi, ndipo anatipatsa malo kumapeto kwa manda, pafupi ndi mpanda.

Mawa lake anandipatsa beseni la madzi, sopo ndi kansalu kuti ndimusambitse. Ndinali ndisanamwe kuyambira dzulo, ndiye manja ankanjenjemera moti kansaluko kankagwa. Ndinkatola, kankagwanso. Ba Lungu anandigwira padzanja, tinayamba kupukuta limodzi, dzanja lawo likutsogolera langa. Titamuvula ndinapeza kuti ankavala malaya awiri, ena mkati mwa ena. Munthu amene ndinkati akudya bwino uja anali mafupa okhaokha, nthiti zili poyera, lamba ataboola mabowo atsopano ndi msomali. Ndinamupukuta kumaso, ndinafika pa chipsera cha pamwamba pa diso chija, n'kuima. Ndinakhala nthawi yaitali nditagwira pamenepo. Ba Lungu sanandifulumizitse. Anangoti madzi akuzizira, timalize.

Pa maliro panabwera anthu ochepa: madalaivala, makondakita, ndi azimayi angapo a kwaya amene ankadziwana ndi amama. Bokosi anasonkha ndi a maminibasi. Zonse zinayenda mwachangu chifukwa anthu anali atasiya magalimoto kumsewu. Titafika poti wa banja alankhule, onse anatembenukira kwa ine. Ndinaimirira m'malaya obwereka. Ndinatsegula pakamwa, ndipo zimene zinatuluka ndi dzina lake lokha. Ndinalitchula kawiri, n'kukhala pansi. Azimayi aja anayambitsa nyimbo kuti andibise.

Anthu atabalalika ine ndinatsala pamanda. Dzuwa linali likuswa mtengo, koma ndinalibe kopita, ndipo ndinali nditadziwa kale chimene ndikachite ndikabwerera kumapiri. Ndikuganiza zimenezo, ndinaona kuti sindili ndekha. Mayi wina anali atakhala pa mulu wa dothi chapafupi, atavula nsapato. Anali ba Zulu awa. Ankagwira ntchito m'chipatala muja kuyambira ife tili ana, ankatidziwa tikubweretsa chakudya cha amama kochapira. Kenako anandifunsa funso limene munthu aliyense anali asanandifunsepo.

"Given, nawenso umaganiza zodzipha?"

Anafunsa mosazungulira, ngati mmene amafunsira munthu ngati mutu ukuwawa. Ndinafuna kuseka kuti ndiwabweze, monga ankachitira Mabvuto, koma kuseka sikunabwere. Ndinati inde. Anafunsa kuti kuyambira liti, ndinati kuyambira ku Shikabeta. Anafunsa ngati ndakonza kale mmene ndingachitire, ndinati inde. Sanadzidzimuke, sanandilalikire, sanandiuze kuti ndi tchimo. Anangoti lero kumapiri sindibwerera, tipita limodzi kuchipatala, ndipo ngati sindinyamuka iwonso sanyamuka.

Ndikufuna mumve bwino, chifukwa anthu amakonda kunena kuti pa nthawi ngati imeneyo munthu amaona kuwala. Ine sindinaone kuwala kulikonse. Chimene chinandinyamula pamanda paja ndi ganizo limodzi lozizira. Ndinaganiza kuti Mabvuto wapeza womusambitsa chifukwa ine ndinalipo. Ine ndikapita, bambo wa ku mochale uja adzafunsa za wachibale, ndipo sipadzakhala woyankha. Komanso sipadzatsala munthu wodziwa kuti chipsera chija chinabwera bwanji, kapena kuti pansi pa mulu uwu pagona ndani. Ndinaimirira chifukwa cha zimenezo basi. Ba Zulu anavala nsapato zawo, tinayenda.

Masiku oyamba m'chipatala anali oipa kuposa kumigodi. Thupi linkafuna kachasu, ndinkatuluka thukuta, kusanza, kuona tizilombo tikuyenda pakhoma pamene palibe kanthu. Zitachepa, adokotala anandiuza kuti mwala wa pachifuwa uja, kusowa tulo kuja, kusafuna kudzuka kuja, ndi matenda a maganizo, ndipo ali ndi mankhwala ake ngati matenda ena. Ndinakwiya. Ndinati ine si wamisala, ndine munthu wopanda kwawo basi. Anandiyankha kuti zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona, kuti ndilibe kwathu komanso ndikudwala, ndipo iwo angathandize chimodzi chokha. Ndinayamba kumwa mapiritsi. Sabata zoyamba sindinaone kusintha kulikonse, ndinangopitiriza chifukwa ba Zulu ankandifunsa tsiku ndi tsiku. Kenako tsiku lina ndinazindikira kuti ndagona mpaka kucha osamwa kanthu.

Potuluka ba Zulu anandipezera malo kwa ba Mwanza, okonza njinga pafupi ndi msika. Ba Mwanzawo anavomera kundiphunzitsa ntchito ndi kundigoneka m'kachipinda ka kuseri, pakati pa matayala akale. Lamulo lawo linali limodzi, loti m'mawa ndidye phala iwo akuona, kaya likukoma kaya silikukoma. Poyamba ankangondipatsa machubu oti ndimate. Ntchito imeneyo inandithandiza kuposa mmene mungaganizire, chifukwa pofunafuna pobooka m'beseni la madzi, mutu umasiya kaye kuyenda kwina.

Ndinagwanso. Nthawi yokolola, anthu atagulitsa chimanga, mowa unali paliponse, ndipo ndinadzuka m'ngalande nditataya sipanala ya ba Mwanza. Mapiritsi ndinali nditasiya ndekha poganiza kuti ndachira. Ndinabisala masiku angapo ndi manyazi, mwala uja utabwerera wonse. Pomaliza ndinapita kwa ba Zulu ndikuyembekeza kuti andithamangitsa. Anangotsegula chitseko, n'kunena kuti tiyambirenso. Ba Mwanza ndiwo anandikalipira, ndipo anandigwiritsa ntchito mpaka sipanala ina inagulidwa, koma phala la m'mawa silinasiye kubwera.

Kuchokera pamenepo ndinaphunzira zinthu zing'onozing'ono zimene zimandisunga. Mankhwala sindisiya pokhapokha adokotala atanena. Njira yodutsa panyumba yathu yakale sindiyendamo, ndimazungulira ngakhale kutalike. Loweruka ndi tsiku langa loipa, ndiye sindikhala ndekha, ndimakhala pa shopu mpaka ba Mwanza atseke, kapena ndimapita kukapalira pamanda ndi mmodzi wa makondakita aja. Ndikaona kuti tulo tayambanso kuthawa, sindidikira kuti zikule, ndimakauza munthu ndi pakamwa panga kuti zayambanso. Mawu amenewo ndi olemera kuwatulutsa. Mpaka pano ndimayamba ndazungulira chipatala kaye ndisanalowe.

Musandione nditaima pano mutaganiza kuti nkhani zotere zimatha bwino. Mwa anzanga amene analeredwa ngati ine, mtsikana wina anakwatiwa ndi bambo wa msinkhu wa agogo ake kuti angopeza denga, ndipo ndikakumana naye amayang'ana kumbali. Wina ali kundende ku Lusaka. Wina anapita kumigodi komwe kuja, ndipo palibe akudziwa ngati ali moyo. Ba Zulu ndi mmodzi, ife tili ambiri, ndipo chaka chilichonse ena amakwanitsa zaka zija n'kupatsidwa matiresi ndi pemphero. Ine ndemwe ndilibe munda, ndilibe nyumba, ndipo mtsikana amene ndinkafuna kukwatira, kwawo anafunsa kuti amalume oti akambe nawo ali kuti ndi mudzi wathu ndi uti, nkhani inafera pomwepo. Masiku ena ndimadzuka bwino. Masiku ambiri ndimangodzuka.

Inu makolo olera, sindikukuimbani mlandu, chifukwa ndikudziwa mmene mumavutikira. Koma muuzeni mwana zoona akadali wamng'ono, kuti thandizo lidzatha ndipo mudzatani. Ngati abale ake apezeka, mupite naye akawaone akadali pasukulu, amve chilankhulo chawo, adziwe njira, asadzafike ngati mlendo wonyamula matiresi. Ndipo akachoka, musamuyese wamkulu chifukwa cha ndevu. Muimbireni foni, muuzeni tsiku loti abwere adzadye, ngakhale ndiwo zikhale masamba okhaokha. Makamaka uja woseka kwambiri, wobwera ndi mphatso, wonena kuti zonse zili bwino, mukhale naye pansi mumufunse mosazungulira. Funso limenelo silipha munthu. Ine linandipeza ndili pamanda, ndipo ndikulakalaka likanafika kwa mkulu wanga sabata imodzi m'mbuyo.

Inu anzanga a kumbuyoko, ndilibe malangizo ambiri. Ngati simukugona, ngati chakudya chasiya kukoma, ngati mumakhumudwa kuti kwacha, musadikire kuti wina aone yekha, chifukwa ife tinaphunzira kubisa tikadali ana, ndipo timabisa bwino kwambiri. Pitani kuchipatala mukanene. Ngati mukuopa kupita nokha, bwerani pa shopu ya ba Mwanza, ndikuperekezani. Sindidzakufunsani zambiri.

Ndimalize ndi ulendo umene ndinayenda chaka chatha. Ba Lungu anandipezera nambala ya ba Naomi, ndipo nditasonkhanitsa mphamvu ndinakwera basi kupita ku Petauke. Ba Naomi anandilandira pamsewu. Tikuyenda anandichenjeza kuti amama anagwanso kachiwiri, mutu wawo suli monga kale, amasokoneza anthu ndi zaka. Za Mabvuto anazimva kwa a tchalitchi pa nthawi ya maliro n'kuwauza amama, amene analira tsiku lonse, mawa lake anaiwala, ndipo a pakhomo anagwirizana kuti asawauzenso.

Ndinawapeza atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, atachepa ngati mwana. Ndinagwada, n'kuwagwira dzanja lamphamvu lija. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako nkhope yawo inamasuka.

"Mabvuto, wabwera mwanangu?"

Ba Naomi anafuna kuwakonza, ine ndinawaletsa ndi dzanja. Ndinati ndabwera, amama. Anandisisita kumutu, anadandaula kuti ndaonda, anafunsa ngati dalaivala akundisunga bwino. Ndinayankha zonse. Kenako anatsitsa mawu ngati akundiuza chinsinsi.

"Nanga mng'ono wako Given ali kuti? Uzimuyang'anira ujayo. Iwe ndiwe wolimba, koma iye amasunga zinthu mumtima."



"Ali moyo, amama," ndinatero. "Ndikumuyang'anira."

Anagwedeza mutu, n'kutseka maso, dzanja langa ali chigwirire. Ndinakhala pamphasa paja mpaka anagona, kenako ndinanyamuka kukakwera basi, chifukwa m'mawa mwake kunali njinga zondidikira.

Zanga ndi zimenezo. Mwandimvetsera moleza mtima, ndipo ndathokoza.